Caka Cimodzi ndi Kaligo: Tsopano Ndilowere Kuti?

Mwezi uno ndakwanitsa caka cathunthu ndikuphunzira kuliza kaligo kuno ku Chawama, mu Lusaka. Inu a kumudzi mumamudziwa kaligo: kang'oma kosema kokutidwa ndi cikopa ca ng'azi kapena ca mbuzi, ndodo yopyoza pakati pake, nsambo imodzi yokha, ndi kauta ka khonje kopakidwa utomoni. Kuno ku makomboni ana ambiri sanamuonepo. Wanga tinamupanga ndi citini ndi waya wa buleki ya njinga, ine ndi mkulu wina wocokera ku Katete amene amagwira nchito ya ulonda.

Mkuluyo wandiphunzitsa kukhudza nsambo cam'mbali osaipanikiza pa ndodo, kukoka uta mosanjenjemera, ndi kumanga nsambo kufikira itagwirizana ndi liu langa. Nyimbo 7 ndimaziliza bwino. Koma tsopano aphunzitsi angawo anena kuti zala zao zauma, ndipo zimene anali kukumbukira andipatsa zonse. Conco ndaima pamphambano ya njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kusiya kaligo ndi kutenga vayolini, mbale wace wa ku Ulaya wokhala ndi nsambo 4. Pa Evelyn Hone College, sukulu imene inatsegulidwa mu 1963, amaphunzitsa za nyimbo, ndipo munthu amatulukako akudziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa pa pepala. Nzeru imeneyo ndimaisirira, pakuti nyimbo yolembedwa siifa pamodzi ndi mwini wace. Koma vayolini ndi wa ndalama zambiri, ndipo nsambo yace ikaduka simungaipeze kwa wokonza njinga.

Njira yaciwiri ndiyo kulowa m'gulu la anyamata a kuno amene amaimba kalindula pa maukwati ndi m'mabala. Iwo ali ndi banjo, ng'oma ndi babatoni, ndipo akuti kaligo adzakopa anthu cifukwa ndi wacilendo. Kangacepe kadzapezeka, ndipo pakhomo pali ana ofuna unga ndi malasha. Sindinyoza njira iyi. Pamene Dr. Kenneth Kaunda analamula, m'zaka za m'ma 1970, kuti wailesi ya dziko lino iziulutsa makamaka nyimbo za kuno kwathu, magulu otere ndiwo anatukula dzina la Zambia. Koma kaligo ali ndi liu laling'ono. Pakati pa ng'oma ndi zokuzira mau adzangooneka, osamveka, ndipo ine ndidzabwereza nyimbo 7 zomwezo kufikira imvi.

Njira yacitatu ndiyo kubwerera kumudzi. Kaligo sayenda yekha: amatsata mau a woimba, nakwera ndi kutsika monga cinenero cathu cicitira. Woliza kaligo ndi wosimba nkhani, wodandaula za njala ndi umasiye, wodzudzula mlesi ndi mfumu yomwe, anthu naseka. Zala ndingazizoloweretse pano pa Chawama, koma nyimbo zili m'mitu ya okalamba a ku Katete, Chadiza ndi Chipata. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula oliza kaligo ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo mau ao akusungidwa ku Rhodes University, ku South Africa. Nanga mdzukulu wa ku Chadiza adzakamvera kumeneko kodi?

Ndasankha njira yacitatu. Sukulu idzandidikira, mabala sadzatha, koma nkhalamba sizidikira munthu. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Dziwe la Lusaka landipatsa zala, la kumudzi lindipatse nyimbo.

Anthu akatha kukolola ndidzakwera basi ya pa Great East Road, ndipo ndidzakhala ku Katete kufikira mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti. Colinga canga ndi nyimbo 20 zatsopano. Iliyonse ndidzaijambula pa foni, ndi kulemba mau ace, tanthauzo lace, ndi dzina la amene wandipatsa. Ndidzaphunziranso kusema ng'oma yeniyeni m'malo mwa citini. Pambuyo pace, ndikadzagogoda pa khomo la sukulu, ndidzakhala ndi kanthu koti aphunzitsi andithandize kulemba.

Kwa inu makolo owerenga nyuzi ino, pempho langa ndi ili: ngati pamudzi panu pali gogo amene kaligo wace wangopacikika kudenga nadetsedwa ndi mwaye, muuzeni amutsitse, amange nsambo. Mlendo wa ku Chawama akubwera ndi fodya ndi mcere, kudzakhala pansi ndi kumvetsera.