Kalata kwa Mwana Wanga: Za Aziz Sancar ndi Nambala Imene Ikukusowetsa Tulo

Wokondedwa mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti masiku ano tulo sukutiona chifukwa pepala lako loyamba la kafukufuku lakhalitsa chitulukireni koma anzako sakulitchula m'mapepala awo, ndipo kukangocha umathamangira pa Google Scholar kukaona ngati nambala ija yasuntha. Ndasankha kukuyankha poyera chifukwa odwala nthenda imeneyi ndinu ambiri. Ine zaka zanga zinathera pa choko ndi bolodi, koma mbiri za anthu a ntchito yakoyi ndimaziwerenga, ndipo pali mmodzi amene ndikufuna umuyang'anitsitse. Dzina lake ndi Aziz Sancar.

Mkuluyu anabadwa mu 1946 ku Savur, katauni ka m'chigawo cha Mardin, kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey. Anali wachisanu ndi chiwiri mwa ana asanu ndi atatu, ndipo makolo ake sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Istanbul mu 1969, nakachiza anthu kwawo kwa zaka pafupifupi ziwiri. Kenako anapita ku America, kumene analowa labotale ya Claud Rupert pa University of Texas at Dallas.

Funso limene analipeza kumeneko linali lakalekale. Mu 1949 Albert Kelner anaona kuti tizilombo toonongedwa ndi cheza cha UV timatsitsimuka tikaikidwa pa kuwala wamba. Rupert ndiye anadzaonetsa kuti mwini ntchitoyi ndi enzyme yotchedwa photolyase. Cheza cha UV chimamata pamodzi zilembo ziwiri zoyandikana za DNA, kawirikawiri ma thymine, ndipo selo limalephera kuwerenga pamenepo. Photolyase imatenga mphamvu ya kuwala kwa buluu n'kumatula zilembozo. Sancar anakwanitsa kupatula jini ya enzyme imeneyi mu bakiteriya ya E. coli, n'kulandira PhD mu 1977.

Mwina ukuganiza kuti pamenepo zitseko zinatseguka. Ayi ndithu. Anafunsira malo a postdoc m'malabotale atatu, ndipo konse anamukana. Dokotala wa anthu, wa PhD pamwamba, anavomera ntchito ya technician ku Yale, m'labotale ya Dean Rupp, kuti angokhala pafupi ndi funso lake. Kumeneko ndiye kunachokera mapepala awiri amene ndikufuna uwaike pambali pa linzake.

Loyamba linatuluka mu 1979 mu Journal of Bacteriology. Linafotokoza njira yotchedwa maxicell: umatenga mabakiteriya osatha kukonza DNA, n'kuwawalitsira UV mpaka DNA yawo yaikulu itaonongeka, koma ka DNA kakang'ono kotchedwa plasmid kamene waikamo n'kupulumuka. Zikatero, mapuloteni amene selo likupanga ndi a ka plasmid kokhako, ndipo umawazindikira mosavuta. Ambiri amene ankapatula jini m'zaka za m'ma 1980 ankaifuna njira imeneyi, ngakhale amene analibe nazo ntchito za kukonza DNA. Pepalalo latchulidwa maulendo oposa 1,000. Lero njirayo inasiyidwa chifukwa kunabwera zida zina zabwinopo.

Lachiwiri linatuluka mu 1983 mu Cell. Sancar ndi Rupp anayeretsa mapuloteni atatu, UvrA, UvrB ndi UvrC, n'kuwasakaniza ndi DNA yoonongeka m'botolo la labotale. Anapeza kuti mapuloteniwa amadula chingwe cha DNA kawiri, uku ndi uku kwa malo oonongeka, n'kuchotsa kachidutswa ka zilembo 12 kapena 13. Ndi zimene amachita telala waluso: sasoka pa nsalu yopsa, amadula mozungulira popsapo n'kuikapo chigamba. M'selo, polymerase ndiyo imadzaza mpatawo powerenga chingwe chinacho chimene chili bwinobwino, ndipo ligase imatseka msoko. Mu 1992, ali ku University of North Carolina ku Chapel Hill kumene anasamukira mu 1982, gulu lake linaonetsa kuti maselo a munthu amachitanso chimodzimodzi, koma amachotsa kachidutswa kotalikirapo, ka zilembo pafupifupi 27 mpaka 29.

Ntchito yachiwiriyi ndi imene inam'fikitsa ku Stockholm mu 2015, pamene anagawana mphoto ya Nobel ya Chemistry ndi Tomas Lindahl ndi Paul Modrich. Taona kuti kuchoka mu 1983 kufika mu 2015 ndi zaka 32. Ndipo ukatsegula mndandanda wa mapepala ake lero, pamwamba penipeni upezapo nkhani ya mu 2004 ya mu Annual Review of Biochemistry, imene iye ndi anzake anangosonkhanitsamo zodziwika kale za kukonza DNA m'nyama zoyamwitsa. Yatchulidwa maulendo zikwizikwi, chifukwa wolemba aliyense amafuna pepala limodzi loti aloze m'ndime yake yoyamba.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Nambala ya ma citation sinama, koma imayankha funso laling'ono kuposa limene iwe ukuifunsa. Imakuuza kuti ndi anthu angati amene anafuna kuloza ntchito yako polemba zawo. Njira za m'labotale ndi nkhani zosonkhanitsa zimakolola msanga chifukwa ozigwiritsa ntchito ndi ochuluka. Zotulukira zenizeni zimayenda pang'onopang'ono, ndipo zikakhazikika zimalowa m'mabuku a sukulu, anthu n'kuleka kutchula mwini wake. Mu 2014 magazini ya Nature inalemba mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri. Pamwamba panali pepala la Oliver Lowry la mu 1951 la kayezedwe ka mapuloteni, lotchulidwa maulendo oposa 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la mu 1953, lofotokoza maonekedwe a DNA yeniyeniyo, silinalowemo n'komwe.

Sindikuti uzinyoze nambalazi. Amene amapereka ndalama za kafukufuku ndi amene amakweza anthu pa ntchito amaziyang'ana, pamodzi ndi nambala ina yotchedwa h-index imene Jorge Hirsch anabweretsa mu 2005. Ukamadzaza mafomu, uzilembe molondola ndipo usachite nazo manyazi. Koma dziwa kuti h-index imakula ndi zaka za munthu pa ntchito, kotero kudziyeza ndi pulofesa wa imvi n'kudzizunza chabe. Ofufuza eni ake anadandaula mu 2012 ku San Francisco, m'chikalata chotchedwa DORA, kuti ntchito ya munthu iziyezedwa ndi zimene zili m'pepalamo, osati ndi kutchuka kwa magazini imene lasindikizidwamo.

Chimene ndimasirira mwa Sancar ndi kukakamira. Photolyase ija sanaitaye, ngakhale kuti anthufe tilibe enzyme imeneyi m'matupi mwathu. Poisakasaka mwa munthu, anakumana ndi abale ake otchedwa cryptochrome, ndipo anathandiza kuonetsa kuti amagwira ntchito mu wotchi ya thupi imene imatiuza nthawi yogona ndi yodzuka. Patapita zaka zambiri, mogwirizana ndi Dongping Zhong wa ku Ohio State University, anatsata sitepe ndi sitepe mmene photolyase imamatulira zilembo zija, ntchito yotha m'gawo pafupifupi limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. Akanati azisankha mitu potsata kumene kuli khamu, enzyme ya bakiteriya imeneyi akanaisiya kalekale.

Ndipo usaiwale amene akudikira ntchito ngati yakoyi, amene dzina lawo silidzaoneka pa Google Scholar. Ana obadwa ndi nthenda ya xeroderma pigmentosum, imene James Cleaver anaonetsa mu 1968 kuti imabwera chifukwa cha kulephera kukonza DNA, amagwidwa khansa ya pakhungu adakali aang'ono. Abale athu achialubino kuno kwathu ali ndi vuto losiyana: maselo awo amakonza DNA, koma posowa melanin, dzuwa limaononga zambiri kuposa zimene maselowo angathe kukonza. Amayi amene akulandira mankhwala a cisplatin chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, popeza mankhwalawa amapha khansa poononga DNA yake, ndipo selo la khansa likamakonza msanga, mankhwala amachepa mphamvu.

Choncho pempho langa ndi ili. Google Scholar uziitsegula pamene fomu yakufunsa nambala. M'mawa uziyamba ndi kope lako la m'labotale. Dzifunse ngati zimene unapeza wina angazipezenso atabwereza ntchito yako, ngati njira yako waifotokoza moti wophunzira wa kutali angaitsate osakuimbira foni, ndiponso ngati funso lako lidzakhale loyenera kulifunsa ngakhale patapita zaka khumi. Ukayankha kuti inde pa zitatuzi, yamba pepala lachiwiri. Mayi ako akuti uzidya mokwanira, ndipo ukapeza mpata uwaimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndine bambo ako okukonda.