Mantha Obisala M'chithunzithunzi

Achinyamata ambiri akamva za kanema woopsa amaganiza za magazi oyenderera, mfuu za anthu ndi nyimbo zogonthetsa m'kutu. Akaonetsedwa kanema wa zaka za m'ma 1920, wopanda mawu ndiponso wachimbuuzi, kawirikawiri amangoseka nafunsa kuti chinthu chakale chotere chingaopse yani. Komatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene angakhazike mtima pansi ndi kupenyetsetsa adzazindikira kuti amisiri oyamba aja adadziwa kuti mantha enieni amabadwa pamene diso laona pang'ono, mtima n'kumalizitsa zotsalazo.

Chitsanzo chabwino ndi kanema wotchedwa Nosferatu, amene F. W. Murnau adakonza ku Germany ndipo adaonetsedwa koyamba m'chaka cha 1922. Nkhani yake ndi ya mnyamata wina dzina lake Hutter, amene abwana ake adamutuma kumapiri akutali kukagulitsa nyumba kwa Orlok, mkulu wolemera wokhala yekha m'chinyumba chamalinga. Ali komweko, Hutter adazindikira kuti Orlok si munthu koma mzukwa woyamwa magazi, umene usana umagona m'bokosi lamaliro. Mzukwawo udasirira Ellen, mkazi wa Hutter, utangoona chithunzi chake, ndipo udakwera chombo pamodzi ndi mabokosi odzaza dothi ndi makoswe. Pofika padoko, m'chombomo munalibe wamoyo ndi mmodzi yemwe. Makoswe adatsika nalowa mumzinda, ndipo mliri udayamba kupulula anthu.

Max Schreck, amene adasewera ngati Orlok, amaoneka kwa mphindi zochepa chabe m'kanema yenseyo. Ali ndi mutu wadazi, makutu osongoka, mano awiri akutsogolo onga a khoswe ndi zikhadabo zazitali. Koma pamene nkhani ifika pachimake, Murnau saonetsa nkhope imeneyi. Woonerera amangoona chithunzithunzi cha mzukwawo pakhoma chikukwera makwerero pang'onopang'ono, zala zikutalika kulunjika kuchitseko cha Ellen. Kenaka chithunzithunzi cha dzanja chimatambasuka pachifuwa cha mayiyo ndi kufumbata pamene pali mtima. Palibe dontho la magazi limene lioneka, komabe tsitsi limaima. Luso limeneli silisiyana ndi la gogo wosimba nthano usiku pamoto, amene salongosola maonekedwe onse a chilombo koma amatsitsa mawu, ana n'kumadzionera okha chilombocho m'malingaliro mwawo.

Kuti munthu amvetse kanemayu, ayeneranso kukumbukira anthu amene adamuona koyamba. Iwo adali atangotuluka m'nkhondo yoyamba yapadziko lonse, imene idatha mu 1918, ndipo m'chaka chomwecho mliri wa chimfine udapha anthu miyandamiyanda. Choncho pamene Ellen asuzumira pazenera ndi kuona mdipiti wa anthu onyamula mabokosi amaliro mumsewu, kapena pamene munthu ayenda khomo ndi khomo kulemba mtanda pazitseko za nyumba zofedwa, oonerera aja ankaona zinthu zimene adazidziwa bwino. Mzukwa wa Murnau udali imfa yochokera kutali, yolowa m'mudzi mwakachetechete popanda woiletsa. Amene adakhalapo m'masiku a mliri wa Covid-19 mu 2020 sangavutike kumva mantha amenewa.

Chodabwitsa n'chakuti kanemayu adatsala pang'ono kufafanizika. Nkhani yake idatengedwa m'buku lotchedwa Dracula, limene Bram Stoker adasindikiza mu 1897, koma kampani ya Prana Film sidapemphe chilolezo; idangosintha maina a anthu ndi malo. Florence Stoker, mkazi wamasiye wa mlembiyo, adakasuma, ndipo mu 1925 bwalo lamilandu la ku Germany lidagamula kuti makope onse awonongedwe. Mayiyo sadalakwe pofuna kuteteza thukuta la mwamuna wake. Mwamwayi makope ena adali atafika kale kumaiko akunja, ndipo ndi amenewo adapulumutsa Nosferatu. Pambuyo pake Werner Herzog mu 1979 ndi Robert Eggers mu 2024 adakonzanso nkhani yomweyi, kusonyeza kuti chitsime cha Murnau sichidaphwe.

Makanema ena sadachite mwayi wotere. M'masiku amenewo filimu inkapangidwa ndi mankhwala a nitrate, amene sachedwa kugwira moto ndipo akakhalitsa amanata, kenaka n'kusanduka fumbi. Kanema wotchedwa London After Midnight, wa m'chaka cha 1927, m'mene mudasewera katswiri Lon Chaney, adatha psiti pamene kope lomaliza lodziwika lidapsa m'nyumba yosungiramo mafilimu ya kampani ya MGM mu 1965. Chimene chidatsala ndi zithunzi zoima zokha. Lipoti la Library of Congress la mu 2013 lidapeza kuti mwa makanema aatali opanda mawu amene adakonzedwa ku America, pafupifupi 70 mwa 100 alionse adatayika kotheratu. Motero kanema aliyense wa nthawi imeneyo amene alipobe ali ngati nkhalamba yotsala yokha m'mudzi, imene mawu ake ayenera kumveredwa mwaulemu.

Pakati pa otsalawo pali ena amene dzina lawo silimveka kawirikawiri. Mmodzi mwa iwo ndi Vampyr, amene Carl Theodor Dreyer wa ku Denmark adatulutsa mu 1932. M'kanemayu zithunzithunzi zimachoka pa eni ake ndi kumayenda zokha, ngakhale kuvina kumene. Penapake mnyamata wa m'nkhaniyo amalota atamwalira, ndipo kamera imagona m'bokosi m'malo mwake. Woonerera amaona kudzera pa kagalasi kakang'ono ka pachivundikiro: nkhope za anthu zikusuzumira, denga, nthambi za mitengo ndi nsanja ya tchalitchi zikudutsa pamene bokosi likupita kumanda. Kwa mphindi zingapo munthu amaperekeza maliro ake omwe. Oonerera oyamba ku Berlin adamukuwiza kanemayu, koma patapita zaka akatswiri adayamba kumuwerengera pakati pa makanema opambana a mtundu umenewu. Zoonadi, mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Wophunzira amene afuna kulawa makanema amenewa sasowa zambiri, pakuti ena mwa iwo adakonzedwanso ndipo amapezeka pa intaneti. Chofunika n'kuzimitsa nyale, kuika foni pambali ndi kulola kanemayo ayende pa liwiro lake. Akatero adzaphunzira kuwerenga kuwala ndi mdima monga momwe amawerengera mawu m'buku, ndipo luso lomwelo lidzamuthandiza polemba nkhani zake, podziwa chimene ayenera kunena ndi chimene ayenera kusiyira wowerenga.