Munthu amene ndinamuumba pakompyuta

Patchuthi ndili kwathu ku Mwanza, msuweni wanga anandionetsa masewera a pa intaneti otchedwa World of Warcraft. Usanayambe kusewera, umapanga kaye munthu wako: nkhope, tsitsi, dzina, ntchito. Zamatsenga ndinazikana msanga. Mwana wa Sabata sangasankhe ufiti, ngakhale wa pakompyuta. Ndinatenga munthu wamba, wankhondo.

Koma tamvani zomwe ndinachita. Ndinamupatsa khungu loyera, tsitsi lalitali, dzina lachingerezi. Msuweni anaseka: "Asuweni, ameneyu angagulitse manachesi pamsika wa Mwanza?" Manyazi anandigwira. Khungu lakuda linalipo posankhapo, koma sindinaliyang'ane n'komwe, ndipo palibe anandikakamiza.

Ndinamufafaniza n'kuyambiranso. Watsopanoyu ndi wakuda ngati ine, dzina ndinamutcha la agogo anga aamuna. Lachisanu dzuwa likamalowa, nayenso amapuma.