Wondiyeseza wa m'makina

Ife okulira pa Ulongwe tinkadziwa kuti nyimbo kwawo ndi ku Balaka. Alleluya Band inayamba kumeneko mu 1978, ndipo makaseti ochokera mu situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahweh ankalira m'minibasi iliyonse yopita ku Mangochi. Koma malume anga a ku Ntaja, odziwa bangwe kuposa aliyense amene ndinamumvapo, sanapondemo mu situdiyo. Chaka chatha maso atayamba kuwavuta ndi zala kuuma, ndinati ndiwajambule ndekha zisanathe.

Ndinali ndi laputopu yakale ya Linux, yaulere ija yoti aliyense angathe kuisegula m'mimba. Ndinkafuna kulemba kapulogalamu kophweka: kajambule bangwe, kenaka kawabwezere m'makutu kuti aike mawu pamwamba. Basi. Koma pa Linux mawu ali ndi njira zingapo, ndipo wolemba pulogalamu ayenera kusankha yodzera.

Pansi penipeni pali ALSA, imene Jaroslav Kysela anayamba mu 1998. Iyi ndiyo imalankhula ndi chitsulo chenichenicho, koma pulogalamu ikagwira chipangizo mwachindunji, zinzake zimangoyang'ana. Pamwamba pake pali PulseAudio ya Lennart Poettering, yomwe imasakaniza mawu a mapulogalamu onse popanda chovuta. Ine ulesi unandikankhira kumeneko.

Tsiku loyesa tinakhala pakhonde. Bangwe inalowa bwinobwino. Atavala zomvera m'makutu n'kuyamba kuimba, malume anasiyira panjira.

"Mphwanga, muli munthu m'makinamu. Akundiyeseza."

"Ayi malume, ndi mawu anu omwe."

"Nanga akubweranji m'mbuyo ngati mlamu wamanyazi?"

Ananena zoona. Kompyuta imatunga mawu m'timitsuko, kamtsuko kakadzaza ndiye imapereka. PulseAudio inapangidwira womvera nyimbo, ndiye mitsuko yake imakhala yaikulu kuti mawu asaduke komanso batire lisathe msanga. Womvera sazindikira kanthu. Woimba ndiye amadzimva mochedwa, mpaka lilime limapunthwa.

Ndinabwerera ku Liwonde ndi manyazi, n'kulembanso zonse pa JACK, imene Paul Davis ndi anzake anakonzera anthu a m'masitudiyo. Uku kamtsuko umasankha wekha. Pa timagawo 48,000 pa sekondi, kamtsuko ka 128 kamadzaza mamilisekondi atatu asanakwane. Ndinasangalala, koma kalaputopu kanga kanalephera liwiro limenelo: mawu ankangothetheka ngati chimanga pa chiwaya. Nditakweza kufika pa 256, mamilisekondi asanu ndi pang'ono, kuthethekako kunatha.

Anyamata a masiku ano andiseka kuti ndinavutikiranji, poti PipeWire ya Wim Taymans, imene Fedora inayamba kudalira mu 2021, imamva chilankhulo cha JACK ndi cha PulseAudio chomwe. Aseke. Chimene ndinalemba pa JACK chimayendanso pa PipeWire osasintha mzere, pomwe ndikanayambira uko sindikanadziwa chimene chinkayeseza malume.

Ulendo wachiwiri magetsi anali atathima, tinadalira batire la ola limodzi ndi theka. Tinajambula nyimbo zinayi. Malume anamvetsera yomaliza maso ali chitsinzire, mayi ataima pakhomo ndi chipande m'manja.

"Wapita uja," anatero. "Koma nsambo yachitatu yalefuka. Bwera nayo bangweyo, tibwereze."

Batire linali litatsala ndi mphindi zisanu ndi zinayi.