Mpikisano wa pansi pa bedi

Nyumba yathu ku Mtendere ili ndi zipinda ziwiri chabe. China ndi cha amai ndi mlongo wathu. China ndi chathu ife anyamata awiri, koma masana chimasanduka cholandiriramo alendo, ndipo madzulo mlongo wathu amawerengeramo mayeso a Grade 12. M'nyumba yotereyi ndi mmene amalume, atabwera kuchokera ku Britain, anatisiyira katoni ya Scalextric imene ana awo analeka kuseweretsa.

Kwa amene simunaionepo, ndi tumotoka twa magetsi tothamanga pa msewu wa pulasitiki wolumikiza zidutswa. Pakati pa njira iliyonse pali kamng'alu, ndipo m'mbali mwake muli tuzitsulo tuwiri tonyamula magetsi. Kunsi kwa kamotoka kuli kalilime kolowa m'kamng'aluko. Chiwongolero palibe, ntchito yonse ili pa chala. Ukafinya kwambiri pa kona, kamotoka kamatuluka n'kukagwera kuseri kwa mpando. Scalextric inayamba kugulitsidwa mu 1957, ndipo tumotoka twake ndi twa sikelo ya 1:32. Motoka ya mamita 4.5 imachepa mpaka masentimita 14.

Ife tinakula tikupanga mamotoka a waya, ndipo msewu wathu unali komboni yonse. Sitinaganizepo kuti motoka ingasowe poyenda.

Sabata yoyamba tinkayala msewu pansi usiku, n'kuuphwasula m'mawa. Posachedwa tinaona kuti kulumikiza ndi kumasula tsiku ndi tsiku kumakhwefula tuzitsulo twa m'mphepete, ndiye magetsi ankaduka ndipo kamotoka kankaima pakati pa mpikisano. Fumbi la pansi nalo linkamata pa matayala. Ndiye usiku wina tinatopa n'kugona osachotsa. Mbandakucha amai akupita kukayatsa mbaula, malaiti kulibe, anaponda kona imodzi n'kuterereka. Kona inasweka, ndipo iwo anatsimphina masiku atatu.

Sanakalipe. Anangoti, "Imwe anyamata, pofika Sondo chinthu ichi chikhale ndi malo ake. Apo ayi, ndichipereka kwa ana a kutchalitchi."

Tinaganiza zomangirira thabwa ku chipupa kuti tizilitsitsa ngati chitseko, koma a landilodi salola kuboola khoma. Tinamva kuti pali tumotoka tochepa kuposa twathu, monga Carrera GO!!! ya 1:43, koma ndalama yogulira zina tinalibe. Tebulo ndi la mlongo wathu, ndipo mayeso ake ndi ofunika kuposa masewera athu. Panatsala malo amodzi: pansi pa bedi.

Tinatenga tepi n'kuyeza. Kuti msewu ukhote n'kubwerera, pamafunika masentimita pafupifupi 75. Bedi ndi masentimita 91 m'lifupi. Kalipentala wa pamsika anatidulira plywood ya mamita 1.8 kwa masentimita 85, ife n'kuikako mawilo anayi a mpando wakale wa mu ofesi. Msewu tinauyala ngati nambala 8. Pa msewu wongozungulira, njira yakunja imatalika kuposa yamkati, ndiye mkangano sutha. Pa nambala 8 aliyense amakhala kunja mbali ina, mkati mbali ina. Mlatho wa pakati unakana kulowa, choncho bedi tinalikweza pa njerwa zinayi.

Chovuta sichinali thabwa. Pansi pa bedi panali pokhala kale zinthu: sutukesi, nsapato za mpira zong'ambika, mabuku athu a sekondale, sipika yakufa imene takhala tikuti tidzakonza. M'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe malo ogona chabe. Ukafuna malo, uyenera kutulutsa china. Tinakhala pansi Loweruka lonse, chilichonse tikufunsana ngati tikuchifunadi. Mabuku anapita kwa mwana wa aneba. Sipika inapita kwa okonza mawailesi. Nsapato zija zinatiwawa, koma zinapita.

Zidutswa zoongoka zisanu ndi chimodzi zinatsala m'katoni chifukwa sizikwana. Poyamba tinadandaula kuti liwiro latha. Manje taona kuti pa msewu waufupi wopambana si wofinya kwambiri, koma wodziwa nthawi yomasula chala asanafike pa kona.

Malamulo ndi atatu. Thabwa limatuluka mlongo wathu akatseka mabuku. Tikamaliza timapukuta zitsulo ndi kansalu kouma n'kufunditsa chitenje chakale. Ndipo silikhala panja usiku, ngakhale titatopa bwanji.

Sondo ija amai analowa, anayang'ana pansi poyera, anawerama n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Kenaka anati, "Tulutsani tione." Tinawapatsa kamotoka kofiira. Anatuluka pa kona yoyamba katatu konse. Ulendo wachinayi anamaliza, n'kutiuza kuti tisabweze thabwa msanga, nsima ikhoza kudikira.