Mfuti m'nyumba ndi mlendo wosatsazika

Kuno ku Marávia mfuti si cinthu cacilendo. Makolo athu anazionera kwa Acikunda, amene ankakwera ndi mtsinje wa Zambezi kufuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Alenje athu anazolowera gogodela, yomwe Apwitikizi ankaicha canhangulo, yothira onga ca kukamwa n'kutsendera ndi ndodo. Mu 1968 nkhondo ya ufulu inalowa m'mapiri a Tete, ndipo itatha sipanapite nthawi, inabuka ina ya pacibale. Imeneyo inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Outubro 1992, tsiku lomwe timapuma caka ndi caka. Ngakhale pa mbendera yathu pali mfuti, yopingasana ndi khasu pamwamba pa buku. Ife a msinkhu wanga tinadziwa kulira kwa AKM tisanadziwe kulemba maina athu.

Koma kudziwa kulira kwa mfuti n'kwina, kudziwa kukhala nayo m'nyumba n'kwinanso. Ndikulemba izi cifukwa masiku ano anzanga ocita malonda, ogula ng'ombe ndi okumba golide akumandifunsa monong'ona kuti, "Acimwene, kamfuti ka m'manja kabwino ndi kati?" Funsoli ndinadzifunsapo inenso. Ndinadzaona kuti ndi funso lomaliza pa mafunso onse ofunika, ngakhale ambiri amayamba nalo.

Ine ndinakulira ku Ukwimi, ku Petauke, kumene makolo anga anathawira nkhondo, ndipo tinabwerera kwathu mu 1994. Nchito yanga ndi yogula cimanga, nyemba ndi nsawa m'midzi ya m'malire n'kukagulitsa ku Tete. Aliyense wodziwa malonda amenewa akudziwa kuti mlimi safuna lonjezo. Amafuna ndalama pa dzanja, kaya meticais kaya kwacha. Ndiye nyengo yokolola munthu umayenda ndi cikwama colemera m'misewu ya fumbi, mmene galimoto imayenda ngati nkhono ndipo polisi ili kutali. Caka cina mnzanga wa malonda omwewa anamuchingira njira usiku pakati pa Fingoé ndi Bene. Anamulanda zonse, ndipo mpaka lero dzanja lake lamanja siligwira bwino. Kuyambira pamenepo nkhani ya mfuti inayamba kundizungulira m'mutu.

M'midzi ya m'malire nkhani zimayenda msanga kuposa njinga yamoto. Sipanathe mwezi, munthu wina anandipeza pa sikelo n'kundiitanira kuseri. M'thumba la feteleza anali ndi pisitola yokulunga m'nsanza ya mafuta, ndipo mtengo wake unali wa mbuzi zinayi cabe. Ndinamuuza kuti ine sindigula cinthu ca citsulo amalume asanacione. Iye anakana kuti munthu wina aione. Malonda athu anathera pomwepo.

Amalume anakhalapo msilikali zaka zambiri, ndipo tsopano ndi mlimi wa fodya wosakonda kukamba za nkhondo. Nditawafotokozera maonekedwe a mfutiyo, ndi nyenyezi yomwe inali pa cigwiriro, anapukusa mutu.

"Mphwanga, imeneyo ndi Tokarev, ya ku Soviet Union. Ilibe n'kokhomera komwe koti isalire yokha. Yagona pansi zaka zingati? Yapha ndani? Tsiku lomwe apolisi adzaipeze m'nyumba mwako, milandu yake yonse idzakhala yako."

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti yochipa ya m'thumba la feteleza ilibe mwini wodziwika, koma ili ndi mbiri, ndipo woigula amagula ndi mbiriyo. Wokugulitsayo amadziwanso kuti m'nyumba mwako muli mfuti komanso ndalama zoti uziteteze. Mawa akamwa nipa adzauza ena.

Conco funso loyamba ndi la pepala. M'dziko lathu la Moçambique nkhani za mfuti zimayendera lamulo lochedwa Regulamento de Armas e Munições, lomwe linatuluka mu 2007, ndipo cilolezo cimacokera ku polisi ya dziko, PRM. Mfuti za nkhondo monga AKM munthu wamba saloledwa kukhala nazo. Za m'manja zodzitetezera nazo zili ndi malire a kukula kwake. Wopezeka ndi mfuti yopanda cilolezo wapalamula mlandu wa ndende, ngakhale asanaiwombepo n'kamodzi komwe. Ine ndinalemba pempho, ndinapereka kalata ya registo criminal yosonyeza kuti sindinapalamulepo, ndipo ndinafotokoza cifukwa cimene ndikuifunira. Ndinadikira miyezi yambiri, ndi maulendo angapo a ku Tete. Ena amadandaula ndi kucedwaku. Ine ndimaona kuti kuli ndi phindu lake, pakuti munthu amene akufuna mfuti cifukwa cokwiyira mnansi wake, mkwiyowo umazizira ali pa mzere.

Funso laciwiri ndi la nyumba, ndipo limeneli sanandifunse ndi apolisi. Anandifunsa ndi akazi anga. Iwo anabadwira m'nkhondo ngati ine, ndipo bambo awo sanabwerere ku munda tsiku lina mu 1987. Nditawauza maganizo anga, anakhala cete mpaka nsima itapsa. Kenako anati:

"Bambo, akuba amabwera mwina kamodzi pa zaka khumi. Ana athu ali muno tsiku lililonse. Inunso muli muno tsiku lililonse, tsiku losangalala ndi tsiku lokwiya. Mfutiyo idzakhala pafupi ndi ndani kwenikweni?"

Funso limeneli ndimalipereka kwa aliyense wondifunsa za mfuti. M'nyumba mumakhala mikangano. Mumakhala mowa. Mumakhala tsiku lomwe ngongole yakula, mbewu zawola, munthu n'kuona ngati moyo wafika pa mapeto. Popanda mfuti, tsiku lotere limatha ndi kulira, m'mawa ankhoswe n'kubwera. Pokhala mfuti, likhoza kutha ndi maliro. Ndiponso mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri amadziwa malo onse obisika a m'nyumba kuposa mwini nyumba. Pansi pa matiresi, pa denga, m'nkhokwe, monsemo anafikamo kale.

Tinapangana zinthu zinayi pamaso pa amalume. Mfuti idzakhala m'bokosi la citsulo lokhoma, lomangiriridwa ku khoma ndi simenti. Zipolopolo zidzakhala kwina, zokhomeredwanso. Tsiku lomwe ndalawa mowa, ngakhale kapu imodzi, bokosilo sindiliyandikira. Ndipo ngati m'nyumba mwabuka mkangano woti wagona usiku osatha, kiyi amapita kwa amalume mpaka ankhoswe atatiyanjanitsa. Bokosilo ndinagula mfuti isanabwere. Amene alibe ndalama ya bokosi, ndalama ya mfuti alibenso.

Funso lacitatu ndi la dzanja ndi mutu wa mwini wake. Apa m'pamene amalume anandikhazika pansi n'kundijambulira pa dothi mitundu iwiri ya mfuti za m'manja.

Woyamba ndi pisitola. Zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi kolowa m'cigwiriro, komwe asilikali amati karegadori. Ukakoka citsulo ca pamwamba, cipolopolo cimodzi cimakwera n'kukhala pa khomo la mpope, ndipo ukawomba, mfutiyo imataya khoko n'kukweza cina yokha. Imanyamula zipolopolo zambiri, ndi yopyapyala, ndipo kuidzazanso n'kwacangu. Koma ili ndi msampha umene wapha anthu ambiri, ngakhale asilikali ozolowera. Munthu amacotsa karegadori n'kuganiza kuti mfuti ilibe kanthu, pomwe cipolopolo cimodzi cija cidakali m'kati. Amaionetsa mnzake, kapena amayamba kuipukuta, basi ngozi yacitika. Imafunanso ukhondo. Fumbi la misewu yathu likalowa, kapena cipolopolo cikakhala cakale, imatha kukakamira, ndipo kuikonza pa nthawi ya mantha kumafuna manja ophunzira.

Waciwiri ndi revolva. Ili ndi kang'oma kozungulira ka mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, cipolopolo cimodzi pa bowo. Ukatsegula kang'omako umaona ndi maso ako mabowo onse, ndipo palibe cobisika. Kacitsulo kokoka powomba n'kolimba, kotero sikalira ndi kungokhudza. Cipolopolo cimodzi cikakana, ukakokanso kang'oma kamazungulira n'kubweretsa cina. Kuipa kwake n'kwakuti zipolopolo n'zocepa ndipo kudzazanso kumacedwa.

Ndinawafunsa amalume ngati zisanu ndi cimodzi n'zokwanira. Anaseka pang'ono.

"Ngati wafika pofuna cacisanu ndi ciwiri, mphwanga, ndiye kuti uli pa nkhondo, ndipo iwe si msilikali. Wamalonda safuna kupambana nkhondo. Amafuna kufika kwawo."

Ndinasankha revolva yaing'ono, ku sitolo yololedwa ndi boma, ndipo nambala yake inalembedwa m'mabuku a polisi pamodzi ndi dzina langa. Sindinasankhe cifukwa ca dzina la fakitale. Ndinagwira zingapo, n'kutenga yomwe cigwiriro cake cinakwana m'dzanja langa, cala n'kufika pokokera popanda kupotoza mkono. Mfuti yaikulu yoopsa maonekedwe imakankha mwamphamvu, ndipo wophunzira amayamba kutsinzina asanawombe. Yaing'ono kwambiri nayonso imadumpha m'manja. Ndinafunsanso ngati zipolopolo zake zimapezeka mwalamulo m'dziko muno, cifukwa mfuti yosowa zipolopolo imakankhira mwini wake kwa anthu a matumba a feteleza aja.

Malamulo a kagwiridwe amalume anandibwereza mpaka ndinatopa nawo. Mfuti iliyonse uiyese yodzaza, ngakhale waitsitsa wekha. Kukamwa kwake kusaloze munthu amene sukufuna kumupha, ngakhale mwa nthabwala. Cala cikhale kunja mpaka pomwe watsimikiza kuwomba. Udziwe comwe ukuwomba ndi comwe cili kuseri kwake, pakuti khoma la tsekera kapena citseko ca matabwa siciimitsa cipolopolo. Lotsirizali n'lofunika kwambiri m'midzi yathu, mmene kuseri kwa mpanda uliwonse kuli khonde la munthu, ndipo wogogoda usiku kawirikawiri ndi mnansi wodwalitsa mwana.

Tsopano ndinene zomwe mfuti singathe, cifukwa ogulitsa sanena. Cilolezo si ufumu. Lamulo limalola munthu kudziteteza pamene moyo uli pa ngozi nthawi yomweyo, ndipo limayeza ngati mphamvu yomwe wagwiritsa inali yolingana ndi ngoziyo. Kuwombera mnyamata amene akuthawa ndi thumba la cimanga si kudziteteza. Umenewo ndi mlandu, ndipo kumudzi ndi cidani ca mibadwo, pakuti mnyamatayo ali ndi amalume ake ngati ine.

Cina n'ca malire. Ife timawoloka kupita ku Zambia ngati tikupita kuseri kwa nyumba: ku cigayo, ku cipatala, ku maliro, ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mwezi wa Agosto. Mfumu ndi imodzi, cinenero n'cimodzi, koma maboma ndi awiri. Cilolezo ca Moçambique cimathera pa malire. Ukadutsa ndi mfuti m'kanjira ka ku dimba, kutsidyako ndiwe munthu wolowetsa cida m'dziko la eni popanda cilolezo, ndipo pepala lako la Cipwitikizi silidzakuombola. Conco pa maulendo ambiri amene ndinkaopa poyamba, mfutiyo imatsala m'bokosi.

Kunena zoona, comwe cacepetsa mantha anga kwambiri si citsulo ca m'bokosico. Ndi foni. Kumene netiweki imagwira, alimi ambiri tsopano amalola kulandira ndalama pa e-Mola kapena M-Pesa, ndipo cikwama canga capepuka. Ndimayenda masana. Timatsatana magalimoto awiri kapena atatu. Tsiku lonyamuka amalidziwa ndi akazi anga okha. Mfutiyo yatha zaka ziwiri m'nyumba mwanga ndipo yalira pophunzira pokha. Ndimaipukuta, ndimaiwerengera zipolopolo, ndimasamala tsiku lomwe cilolezo cidzathe. Ndi mlendo amene sadya nsima koma amafuna kumuyang'anira tsiku lililonse, ndipo satsazika.

Tisaiwalenso kumene tacokera. Mu 1995 Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayambitsa nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Amisiri a ku Maputo anadula mfutizo n'kuumba nazo zinthu zoonetsa, ndipo mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti uli ku British Museum ku London. Dziko lino linavutika kutulutsa mfuti m'nyumba za anthu. Amene akubwezamo imodzi, ngati ine, ayenera kukhala ndi cifukwa comwe angacinene pamaso pa mkazi wake, amalume ake ndi boma popanda kunong'ona.

Kwa inu amene mukuganiza zogula, yambani ndi kufunsa a m'nyumba mwanu. Akakana, nkhani yatha, ndipo simunataye kanthu. Akalola, pitani ku polisi, gulani bokosi, pezani wokuphunzitsani, ndipo pokhapo muyambe kufunsa za pisitola ndi revolva. Ndipo inu amene mukudziwa pomwe panakwiriridwa cida ca nthawi ya nkhondo, kaya m'phanga kaya pansi pa nkhokwe ya agogo, musacifukule nokha ndiponso musacigulitse. Uzani anyakwawa kapena akulu a mpingo, apite nanu ku polisi. Ana amene akuweta mbuzi m'mapiri amenewo ndi athu tonse.