KUKADYA KHRISIMASI KU DZIKO LA CIPALE COFEWA

Wolemba Mtolankhani Wathu

PAMENE ife kuno timakhala tiri kalikiriki ndi makasu m'minda, mvula ya Disembala iri kugwa ndipo cimanga ciri kumera, kumpoto kweni-kweni kwa dziko lapansi anthu amadya Khrisimasi mumdima ndi m'cisanu coopsa. Ambiri a ife tinaona dziko limeneli pa makhadi a Khrisimasi okha: mitengo yoyera mbee ndi cipale cofewa, ndi nkhalamba ya ndebvu zoyera itakwera cileyi. Dzikolo liripodi, dzina lace ndi Lapland, cigawo ca kumpoto ca Finland. Amene afuna kukaliona ndi maso ayenera kuyamba kukonzeka miyezi yambiri isanafike nthawiyo, pakuti safunsa anadya phula.

Likulu la cigawoci ndi Rovaniemi, mzinda wa anthu pafupi-fupi 65,000, umene uli pa mathiriro a mtsinje wa Ounasjoki mu mtsinje wa Kemijoki. Mukatenga mapu ndi kuika cala pa Livingstone, nimuyendetsa calaco molunjika kumpoto, mudzafika pafupi ndi Rovaniemi. Ndiponso m'nyengo ya cisanu nthawi ya ku Finland imafanana ndi yathu, kotero kuti mlendo wocokera ku Zambia sasintha wochi yace. Koma zofanana zathera pomwepo.

MZINDA WOUKA M'PHULUSA

Mzinda umenewu unaona zowawa. Mu Okutobala 1944, asilikari a Germany pothawa nkhondo anautentha, ndipo nyumba zisanu ndi zinai mwa khumi ziri zonse zinaonongeka. Katswiri wa zomanga-manga Alvar Aalto ndiye analemba mapulani a mzinda watsopano, naika miseu yace m'maonekedwe a mutu ndi nyanga za mphalapala. Mu 1950 Mai Eleanor Roosevelt a ku America anadzaona nchito yomanganso mzindawo, ndipo eni dziko anawamangira kanyumba ka mitengo pa mzere wochedwa Arctic Circle, makilomita 8 kumpoto kwa mzinda. Kanyumbako kakaliko, ndipo pamalo pomwepo panatsegulidwa Santa Claus Village mu 1985. Positi ofesi ya pamenepa imalandira makalata okwana theka la miliyoni caka ndi caka, ocokera kwa ana a m'maiko pafupi-fupi 200.

Cinthu coyamba cimene mlendo ayenera kudziwa ndico cakuti dzuwa limasowa. Pa 21 Disembala ku Rovaniemi dzuwa limaturuka 11 koloko itapitirira, nilimangokwawa m'mphepete mwa dziko, ndipo lisanathe maora awiri ndi theka limakhala litalowa. Kumpoto koposa, ku Utsjoki, dzuwa silioneka konse masiku opitirira 50. Nyengo imeneyi eni ace amaicha kaamos. Cifukwa cace ncakuti dziko lapansi linapendekeka, motero m'Disembala mbali yathu ya kummwera imaweramira ku dzuwa pamene ya kumpoto imalifulatira. Tanthauzo lace kwa mlendo ndi lakuti zonse zofuna kuwala, monga kujambula zithunzi ndi kuona nkhalango, ziyenera kucitika pakati pa usana.

CISANU SICICITA CIBALE

Ife timadandaula ndi cisanu ca Juni, koma ca ku Lapland ndi nkhani ina. M'Disembala kuzizira kumakhala pa madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo masiku ena kumatsika kufikira 30. M'Januwale 1999 pa mudzi wa Pokka, m'boma la Kittilä, kunazizira madigiri 51.5 pansi pa ziro, ndipo ku Finland sikunalembedwepo cisanu coposa cimeneco. Pa kuzizira kotere khungu losaphimba, maka-maka zala, makutu ndi mphuno, limauma ndi kufa m'kanthawi kocepa.

Jekete limodzi lalikuru silikwanira ai. Eni dziko amabvala mosanjikiza: ca ubweya mkati, juzi pakati, ndi cobvala cochinga mphepo kunja, pamodzi ndi cipewa cophimba makutu, magolovesi ndi nsapato zazikuru zolola masokosi awiri. Malaya a thonje, amene ife timakonda, sayenera kukhala mkati, popeza amasunga thukuta ndipo thukutalo likazizira limazizitsa thupi lonse. Palibe cifukwa cotayira ndalama kugula zonsezi kuno, pakuti ku Rovaniemi kuli makampani obwereketsa zobvala za cisanu pa mtengo wa tsiku ndi tsiku.

ZIKALATA NDI NJIRA

Mzika ya Zambia ifunika visa ya Schengen kuti ilowe mu Finland. Pempho lingathe kuperekedwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lisacedwe kupitirira masiku 15 ulendo usanayambe. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa visa ya munthu wamkuru ndi mayuro 90, ndipo wopempha ayenera kuonetsa inshuwalansi ya cipatala yokwana mayuro 30,000. Amene afuna kukakhalako pa Khrisimasi acita bwino kuyamba za zikalatazi mu Ogasiti kapena Seputembala.

Palibe ndege yocoka ku Lusaka molunjika ku Helsinki, likulu la Finland, cotero mlendo amasintha ndege panjira kamodzi kapena kawiri. Kucoka ku Helsinki patsala makilomita opitirira 800. Ndege imatenga nthawi yosakwana ora limodzi ndi theka, koma ambiri amakonda sitima ya usiku imene iri ndi zipinda zogona ndipo imayenda maora ngati 12. Malo m'sitima ndi m'mahotela amatha msanga. Mu 2023 mzindawu unawerenga kugona kwa alendo kopitirira 1.2 miliyoni, ndipo mitengo imakwera koposa m'sabata ya Khrisimasi. Eni mzinda ena akhala ali kudandaula kuti nyumba zambiri zasanduka zogona alendo, ndipo iwo eni abvutika kupeza pokhala.

Amene thumba lace liri lopepuka aganizire za Januwale kapena Febuluwale, pamene cipale cimakhala cacuruka ndipo usana watalikirako. Kupita molawirira nako kuli ndi ngozi yace: m'Novembala 2018 alendo anafika ku Rovaniemi napeza nthaka iri yakuda, yopanda cipale. Akatswiri a zanyengo a ku Finland analengeza mu 2022 kuti kuyambira 1979 dera la Arctic lakhala likutentherako mofulumira pafupi-fupi kanai kuposa dziko lonse.

MOTO WA M'MLENGALENGA

Cimene ambiri amapitira ndico kuwala kobiriwira kumene kumabvina kumwamba usiku. Anthu a ku Finland amakucha revontulet, ndiko kunena kuti moto wa nkhandwe. Kumacitika pamene tizinthu tocokera ku dzuwa tiwombana ndi mpweya pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposa, ndipo kumaoneka kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufikira Epulo. Koma palibe munthu angathe kukulonjezani kuti mudzakuona, pakuti mitambo ikaphimba, ndalama zanu zapita. Konzani kugonako masiku anai kapena asanu, ndipo muzituruka kunja kwa mzinda, kutali ndi magetsi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

KWA ENI KULIBE MKUWE

Mphalapala za ku Finland ziri ngati 200,000, kuposa anthu a m'cigawo ca Lapland. Ngakhale zimayenda momasuka m'nkhalango, iri yonse iri ndi mwini wace ndi cizindikiro pa khutu, monga ng'ombe zathu. M'cisanu zimafukula cipale ndi ziboda kufuna ndere. Mvula ikagwa pamwamba pa cipale niundana, nyamazi zimalephera kufukula, ndipo eni ace amagula zakudya kuti zisafe ndi njala.

Kuweta kumeneku ndiwo moyo wa makolo wa anthu a mtundu wa Sámi, amene ku Finland alipo ngati 10,000. Ali ndi zinenero zao ndi nyumba yao ya malamulo ku Inari, imene mu 2018 inakhazikitsa malangizo a ulendo wolemekeza mwambo wao. Musawajambule osapempha, ndipo musasandutse cobvala cao ca makolo kukhala coseweretsa. Wofuna kuphunzira za iwo apite ku nyumba zosungiramo zakale za Siida ku Inari kapena Arktikum ku Rovaniemi.

Dziwaninso kuti tsiku lalikuru kumeneko ndi 24 Disembala. Masana pa 12 koloko mu mzinda wa Turku amalengeza mtendere wa Khrisimasi, masitolo ambiri amatseka, ndipo mabanja amalowa mu sauna, nadya phala la mpunga ndi nyama ya nkhumba. Madzulo amapita ku manda kukayatsa makandulo pa mitumbira ya abale ao. Mlendo agule cakudya cace dzulo lace, ndipo ngati ali wofuna kuona Khrisimasi ya eni dziko, abvale bwino napite ku manda madzulo amenewo, akaime ceteee pambali.